Make Mbuu, Mwana Mbuu

Mwambi wakuti "make mbuu, mwana mbuu" ndi umodzi mwa miyambi imene Achewa amatsekera nayo nkhani, pakuti ukangonenedwa pabwalo kapena pamtondo, omvera amavomereza kuti gwero la khalidwe la mwana lapezeka ndipo palibenso chofunsa. Kutuwa kumene mwambiwu ukunena ndi kwa khungu la munthu amene wagona pafupi ndi phulusa kapena watha masiku osasamba ndi kudzola, ndipo phunziro lake lodziwika ndi lakuti mwana amatengera amake pa maonekedwe ndi pa makhalidwe pomwe. Komabe munthu akaupenda modekha amapeza kuti mwambiwu wamanga mtolo umodzi zinthu ziwiri zosiyana, kutuwa kumene mwana wabadwa nako ndi kutuwa kumene wakupeza chifukwa chogona pamphasa imodzi ndi amake, ndipo amapezanso kuti watchula kholo limodzi lokha. Mafunso awiri amenewa, lofuna kudziwa ngati mtundu wa khungu uli wa m'magazi kapena wongoupeza, ndi lofuna kudziwa mbali ya kholo limene silinatchulidwe, ndi omwe anthu oweta nsato ku America ndi ku Ulaya akhala akuwayankha ndi mazira, kope ndi cholembera kwa zaka zoposa 30, ndipo zimene apeza zili ndi phindu ngakhale kwa anthu amene sangalote n'komwe zosunga njoka m'nyumba.

Ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga m'chigawo cha Tete, ndi kumapiri ozizira a Tsangano kumene kumalimidwa mbatatesi ndi tirigu, nkhani ya kutengera si ya m'mabuku ayi, koma ndi ntchito ya chaka ndi chaka. Pokolola, mayi amapatula chimanga chachikulu cha mizere yowongoka ndi njere zolimba, n'kuchipachika pamene pamafika utsi kuti anankafumbwe asachiboole, chifukwa akudziwa kuti mbewu yabwino imabala zofanana nayo. Nyemba amazisankha palichero, zofiira pazokha ndi zamawangamawanga pazokha. Thadzi lodziwa kufungatira ndi kuteteza anapiye kwa mphamba saligulitsa ngakhale pakhomo patasowa mchere, ndipo nkhuku zimadziwika ndi maina a maonekedwe ake, monga kameta wa khosi lopanda nthenga ndi kansilanga wa nthenga zopindikira m'mwamba. Nzeru zimenezi ndi zenizeni, ndipo ndi zimene zasunga chimanga chamakolo ndi ng'ombe za Angoni za kumapiri a Angónia kufikira lero.

Koma pali chimene diso la pakhomo silitha kuona. Nkhuku za m'mudzi zimayenda momasuka, thadzi limodzi limakumana ndi atambala angapo pa tsiku, ndipo limatha kusunga mbewu ya tambala m'thupi mwake kwa masabata awiri kapena kuposerapo, kotero kuti mazira a m'chisa chimodzi akhoza kukhala a atambala osiyanasiyana. Mbuzi nazonso zikamasulidwa pambuyo pa kukolola zimasakanikirana ndi za midzi ina, ndipo mwini wake amangodzaona mwana atabadwa. Mayi amaoneka akufungatira, akuyamwitsa, akuyenda ndi ana pambuyo, pamene bambo amangoganiziridwa. Kuwonjezera apo, pa chikhalidwe cha Achewa mwana amawerengedwa kuchikazi, mbumba imazungulira amayi ndi alongo awo, ndipo mwamuna amakhala mkamwini pamudzi wa mkazi wake. N'zosadabwitsa tsono kuti mwambi udatchula make, chifukwa udanena mokhulupirika zimene mboni ya pakhomo ingathe kuchitira umboni. Vuto limabwera pamene umboni wa theka utengedwa ngati chigamulo chonse.

Nsato ya m'derali, imene asayansi amaitcha Python natalensis, si chiweto ndipo sinakhalepo chiweto. Ndi njoka yopanda ululu wa m'mano, imene imapha pozinga nyama ndi kuifinya, imatalika mamita 3 kapena 4, nthawi zina kuposerapo, ndipo imameza akalulu, nkhuku, agwape ndi ana a mbuzi, chimene chimachititsa kuti alimi ambiri aione ngati mdani. Komatu m'chipembedzo cha makolo idali ndi malo aulemu. Pa kachisi wa mvula wa ku Msinja, pafupi ndi mapiri a Dzalanyama amene ali m'malire a Malawi ndi Mozambique, mayi wolosera wotchedwa Makewana ankatengedwa kuti ndi mkazi wa Thunga, mzimu wa njoka, ndipo mwamuna wa mfunda wa Mbewe wokhala pa udindo wa Kamundi ndiye ankaimira nsatoyo pa miyambo, monga adalembera W. H. J. Rangeley m'chaka cha 1952. Ku Khulubvi m'boma la Nsanje, Mbona nayenso amanenedwa kuti amadza ngati nsato.

Nsato yomweyi ndiyo imapereka phunziro loyamba pa nkhani ya mtundu wa khungu. Kafukufuku amene Graham Alexander wa pa yunivesite ya Witwatersrand adachita kwa zaka 7 m'nkhalango yosungira nyama ya Dinokeng, kumpoto kwa Pretoria, ndipo adafalitsidwa m'chaka cha 2018, adasonyeza kuti yaikazi ikafika nyengo yobereka imada thupi lonse mpaka mawanga ake kutsala pang'ono kuzimirira. Kudako kuli ndi ntchito, popeza chinthu chakuda chimatentha msanga padzuwa: njokayo imatuluka kuuna, imaothera dzuwa mpaka thupi lake kufika pafupifupi madigiri 40, kenaka imabwerera kukazinga mazira ake, amene amakhala makumi angapo, n'kuwapatsira kutenthako. Kwa miyezi yoposa 6 siidya kanthu, imatha kutaya magawo 40 pa 100 alionse a kulemera kwake, ndipo ana akaswa imakhalabe nawo pafupifupi masabata awiri. Anawo amatuluka m'mazira ali ndi mawanga ooneka bwino, osati akuda ngati amawo, chifukwa kuda kwa mayiyo kudali kwa nyengo chabe. Chimodzimodzinso njoka iliyonse ikatsala masiku ochepa kuti ifundule, khungu lake limatuwa, maso amachita chifunga, imaleka kudya ndipo imakwiya msanga, koma ikangovula khungu lakalelo, kuyambira kumlomo mpaka kumchira, imatuluka ikunyezimira. Munthu woiona tsiku limodzi lokha angalumbire kuti waona njoka ya mtundu wina.

Malonda a nsato zoweta adakula pa njoka ina, yaing'ono ndi yofatsa, ya kumadzulo kwa Africa, imene asayansi amaitcha Python regius ndipo amalonda amaitcha ball python chifukwa ikaopsezedwa imadzikulunga n'kubisa mutu pakati. Siipitirira mita imodzi ndi theka kawirikawiri, imadya makoswe, ndipo ku Ouidah m'dziko la Benin ili ndi kachisi wake kumene anthu amailemekeza mpaka lero. Kuchokera ku Ghana, Togo ndi Benin kwatumizidwa kunja nsato zamoyo zoposa 3 miliyoni kuyambira m'chaka cha 1975, pansi pa pangano la CITES loyang'anira malonda a zamoyo zakutchire, ndipo njira yake ndi yakuti alenje amakumba mauna, amatenga zazikazi zokhala ndi mazira kapena mazira omwewo, n'kukaswetsa ana pa mafamu asanawakweze ndege. Mwa ana zikwizikwi amenewa, ochuluka amakhala abulauni ndi akuda monga mwa masiku onse, koma mwa apo ndi apo pamapezeka mmodzi wachilendo, wachikasu ndi woyera wa maso ofiira, kapena wa zigamba zoyera mbee pakati pa thupi. Mtundu wotere ukatsimikizika kuti umapita kwa ana, oweta amautcha morph, ndipo usanatsimikizike njokayo amangoitcha dinker, kutanthauza yongoyeserera, chifukwa zambiri mwa njoka zooneka zachilendo zimabereka ana wamba mibadwo yonse. Mizere yokhota ndi mawanga osokonekera nthawi zina amadza chifukwa kutentha kudasinthasintha pamene dzira linkakhwima, ndipo zoterezi sizipita kwa ana.

Kuti kuyesako kumveke, pafunika kufotokoza mmene kutengera kumayendera. Chamoyo chobadwa kwa makolo awiri chimalandira malangizo a kapangidwe ka thupi lake mowirikiza, gawo limodzi kuchokera kwa mayi ndi lina kuchokera kwa bambo, ndipo kachigawo ka malangizowo kamene kamayang'anira ntchito imodzi, monga kupangidwa kwa utoto wakuda wa pakhungu wotchedwa melanin, kamatchedwa jini. Pali majini olamulira, amene amaonekera ngakhale atachokera kwa kholo limodzi lokha, ndipo pali majini obisala, amene saonekera pokhapokha mwana atawalandira kuchokera kwa makolo onse awiri. Amene adayamba kuona dongosolo limeneli ndi Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, mzinda umene lero uli m'dziko la Czech Republic, amene kuyambira 1856 mpaka 1863 ankakwatitsa nsawawa m'munda wa nyumba ya ansembe, ndipo adafalitsa zotsatira zake m'chaka cha 1866. Atakwatitsa nsawawa za njere zachikasu ndi za njere zobiriwira, mbadwo woyamba wonse udatuluka wachikasu, ngati kuti kubiriwira kudafa. Koma mbadwo wachiwiri udapereka njere zachikasu 6,022 ndi zobiriwira 2,001, kutanthauza zitatu zachikasu pa imodzi yobiriwira. Kubiriwira kuja sikudafe, kudangokhala chete mbadwo umodzi. Ntchito yake sidalabadiridwe mpaka chaka cha 1900, iye atamwalira kale.

Woweta nsato amatsata njira yomweyo, koma ndi zamoyo zimene sizifulumira. Akapeza yaimuna yachialubino, yopanda utoto wakuda uja, amaikwatitsa ndi yaikazi wamba, ndipo yaikaziyo ikaikira mazira, amene kawirikawiri amakhala pafupifupi 6, amawaika m'bokosi la chinyezi pa kutentha kwa madigiri 31 kapena 32 kwa masiku 55 mpaka 60. Tsiku loswa likafika, kamwana kamang'amba chikopa chofewa cha dzira ndi kadzino ka pamlomo, kamatulutsa mutu n'kuubwezanso, ndipo kamatha tsiku limodzi kapena awiri kasanatuluke konse. Onse amatuluka abulauni. Munthu wongodalira maso angaleke pomwepa n'kunena kuti mtundu wa bambo uja sutengereka, koma woweta wodziwa amalemba tsiku, dzina la bambo ndi la mayi, n'kuwalera anawo, pakuti aliyense wa iwo wanyamula jini imodzi yachialubino yobisala pansi pa jini wamba. Njoka yotere imatchedwa het, chidule cha mawu a sayansi onena za chamoyo chimene majini ake awiri ali osiyana. Yaikazi imafuna zaka ziwiri kapena zitatu kuti ikhwime, ndipo ikakhwima amaikwatitsa ndi mlongo wake kapena ndi bambo wake yemwe. Apa m'pamene yankho limatulukira. Umu ndi mmene Bob Clark wa ku Oklahoma adaswetsera nsato zachialubino zoyamba za mtunduwu m'chaka cha 1992, ndipo Peter Kahl wa ku Maryland adatsimikiza kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuti zigamba zoyera za mtundu wotchedwa piebald nazonso zimayenda mobisala chomwecho.

Masamu a mazira 6 ndi ovuta kuposa masamu a njere 8,000 za Mendel, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Ma het awiri akakwatana, dzira lililonse palokha limakhala ndi mwayi umodzi pa inayi wotulutsa mwana wachialubino, koma zimenezi sizitanthauza kuti pa mazira anayi alionse limodzi liyenera kutero, popeza dzira silidziwa zimene linzake latulutsa. Powerengera, pa zisa 100 za mazira 6, pafupifupi zisa 18 sizitulutsa wachialubino ndi mmodzi yemwe, ngakhale makolo onse awiri ali onyamuladi jiniyo. Mwana wamkazi akabwezedwa kwa bambo wake wachialubino, mwayi umakwera kufika theka, ndipo chisa chopanda wachialubino chimapezeka kamodzi kokha pa 64, n'chifukwa chake oweta amakonda njira imeneyi ngakhale ili yokwatitsa pachibale. Chisa chimodzi chingatsimikize kuti jini ilipo, pakuti mwana mmodzi wachialubino akaoneka nkhani yatha, koma chisa chimodzi sichingatsimikize kuti jini palibe. Akuluakulu adati mphini yobwereza imawala, ndipo pa ntchito imeneyi mawuwa ndi lamulo lenileni la kagwiridwe kake, chifukwa woweta woona mtima amabwereza chaka chachiwiri ndi chachitatu asanalengeze kanthu. Ngakhale ana ooneka wamba a ma het awiri sagulitsidwa ndi lonjezo, koma ndi chiwerengero: awiri mwa atatu alionse ndi onyamula, ndipo pa malonda amalembedwa kuti 66% het, kusonyeza kuti wogula akugula mwayi, osati chitsimikizo.

Chodabwitsa kwambiri chimaoneka pamene nsato ziwiri zosowa utoto wakuda zikwatana. Pali mtundu wotchedwa albino ndi wina wotchedwa lavender albino, yofanana ndithu pa maso, koma ikakwatitsidwa ana onse amatuluka abulauni ndi akuda ngati akutchire. Chifukwa chake n'chakuti utoto wakuda umapangidwa ndi majini angapo ogwira ntchito motsatana, ndipo mwa makolo awiriwo aliyense ali ndi vuto pa jini yakeyake, kotero kuti pamene mayi wapereka yosagwira ntchito bambo wapereka yabwino, ndipo pamene bambo wapereka yosagwira ntchito mayi wapereka yabwino. Asayansi a pa Eastern Michigan University, amene adasonkhanitsa makungu ofundulidwa ochokera kwa oweta n'kupima DNA yake, adafalitsa m'chaka cha 2022 kuti mtundu woyambawo umakhudzana ndi jini yotchedwa TYR ndipo wachiwiriwo ndi jini yotchedwa OCA2. Lero woweta akhoza kutumiza khungu lofundulidwa ku labotale n'kudziwa m'masabata ochepa zimene kale zinkatenga zaka zitatu, koma njira imeneyi imagwira pa majini odziwika kale okha. Mtundu watsopano umayesedwabe ndi mazira.

Majini olamulira amaulula msanga, ndipo pa iwo kuyesa kumeneku kungachitike pakhomo lililonse la ku Chidzolomondo popanda kugula kanthu. Khosi la kameta limayenda motere. Mlimi atatsekera matadzi a nthenga zonse kwa masabata atatu kuti mbewu ya atambala ena ithe, kenaka n'kuwaikira tambala mmodzi wa kameta, n'kulemba chizindikiro ndi khala pa dzira lililonse, pakatha masiku 21 a kufungatira amapeza yankho lowerengeka. Ngati pafupifupi theka la anapiye ali ndi makosi opanda nthenga, tambalayo ali ndi jini imodzi. Ngati onse ali otero pa zisa zingapo, ali nazo ziwiri. Nkhuku ya jini imodzi imakhala ndi kamtolo ka nthenga kutsogolo kwa khosi, pamene ya majini awiri imakhala yometeka kwambiri, ndipo kutengera kotere, kumene jini imodzi imaonekera pang'ono ndi ziwiri n'kuonekera kwambiri, kumapezekanso mwa nsato, kumene mtundu wotchedwa lesser ukakwatana wokhawokha umatulutsa mwa ana ena njoka yoyera thupi lonse ya maso abuluu, imene oweta amaitcha super. Kudziwa zimenezi kuli ndi ntchito, chifukwa nkhuku ya nthenga zochepa imapirira kutentha kwa kuchigwa cha Zambezi, koma kumapiri a Tsangano m'mwezi wa June nthenga ndi chuma, ndipo kansilanga wa majini awiri amakhala ndi nthenga zothothoka zimene sizimuteteza ku mphepo. N'zomvetsa chisoni kuti phunziro lotsika mtengo chotere limaphunzitsidwa ndi zithunzi za pabolodi, pamene nkhuku zili kuseri kwa kalasi.

Chimanga ndicho chimaonetsa bambo poyera kuposa zonse. Ndevu iliyonse ya chimanga imalumikizana ndi njere imodzi, ndipo mungu wochokera ku ngayaye umauluka ndi mphepo kuchokera ku phesi lina, ngakhale m'munda wa mnansi, kotero kuti njere za pa chitsononkho chimodzi zili ndi mayi mmodzi koma abambo ambiri. Mlimi amene adabzala chimanga choyera akasenda makoko n'kupeza njere zachikasu kapena zofiirira zitamwazikana pakati pa zoyera, akuona chizindikiro cha bambo m'chaka chomwecho. Ndipo wobzalanso mbewu ya haibulidi imene adakolola amapeza munda wosalingana, mapesi ena aatali ena aafupi, chifukwa zimene zidabisala mu mbadwo woyamba zayamba kupatukana monga nsawawa za Mendel.

Kutsimikiza kuti mtundu umapita kwa ana sikuyankha funso lakuti kodi n'koyenera kuuchulukitsa. Mtundu wa nsato wotchedwa spider, umene udafala kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha mizere yake yopyapyala yokongola, umayenda ndi matenda amene oweta amawatcha wobble: mutu umanjenjemera, njoka imapotokola khosi, imatembenuzika chagada, ndipo ina imaphonya chakudya ikafuna kugwira. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2022 adapeza kuti ziwalo za m'kati mwa khutu, zimene zimathandiza chamoyo kudziwa kumwamba ndi pansi, zimakhala zopunduka mwa njoka zimenezi, ndipo palibe woweta amene wakwanitsa kulekanitsa mizereyo ndi matendawo. Bungwe la International Herpetological Society la ku Britain lidaletsa kugulitsa mtunduwu pa zionetsero zake m'chaka cha 2018, koma kwina malonda akupitirira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo pano nyererezo sizidya wogula, zimadya cholengedwa chimene sichidasankhe kubadwa chotero. Munthu amene akudziwa kuti theka la ana adzabadwa ndi vuto limeneli n'kukwatitsabe sangadzikhululukire ndi umbuli, pakuti kope lake lomwe ndilo likumutsutsa. Kukwatitsa pachibale mibadwo yambiri nakonso kumasonkhanitsa majini obisala oipa pamodzi ndi ofunidwawo, ndipo pa mfundo imeneyi mlimi wa kumudzi amene amasinthanitsa tambala ndi mudzi wina kapena kugula tonde kumsika ali patsogolo pa amalonda ambiri.

Munthu si chiweto, ndipo kuyesa kumene kumachitika pa njoka ndi nkhuku sikungachitike ndipo sikuyenera kuchitika pa anthu. Komabe lamulo la kutengera ndi limodzi, ndipo pali mabanja m'chigawo cha Tete ndi ku Malawi amene moyo wawo ukadakhala wopepukirapo lamuloli likadadziwika m'mudzi monga mmene mwambi umadziwikira. Khungu lachialubino mwa anthu a kumwera kwa Africa limadza kawirikawiri kudzera mu jini ya OCA2, yomwe ija idatchulidwa pa nsato, ndipo ndi jini yobisala. Mwana amabadwa wachialubino pokhapokha ngati walandira jiniyo kuchokera kwa amake ndi kwa abambo ake, ndipo makolo onse awiri akhoza kukhala a khungu lakuda, osadziwa kanthu, popeza jiniyo imatha kuyenda mwakachetechete mibadwo ingapo m'banja limene palibe akukumbukira kuti mudabadwapo wachialubino. Kalembera wa ku Malawi wa 2018 adawerenga anthu achialubino 134,636, ndipo onyamula jiniyo mosaonekera ndi ochuluka kwambiri kuposa pamenepo.

Kumene zimenezi sizidziwika, mlandu umagwera mayi. Amanenedwa kuti adayenda ndi mwamuna wina, kapena kuti adaseka wachialubino ali ndi pakati, kapena kuti kuchikazi kwake kuli tsoka, ndipo pali abambo amene amanyamula katundu wawo n'kubwerera kwawo mwana asanatuluke m'chikuta. Kuyambira cha m'ma 2014, ku Malawi ndi ku Mozambique kudabuka kuphedwa ndi kubedwa kwa anthu achialubino ndi kufukulidwa kwa manda awo, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amabweretsa chuma. Boma la Mozambique lidakhazikitsa ndondomeko yowateteza m'chaka cha 2015, nthumwi ya United Nations yoona za ufulu wawo, Ikponwosa Ero, idayendera maiko onse awiri m'chaka cha 2016, ndipo m'chaka cha 2019 bungwe la Human Rights Watch lidafalitsa lipoti lofotokoza mmene mantha, kunyozedwa ndi kusowa thandizo la maso zimalepheretsera ana achialubino a m'chigawo cha Tete kuphunzira. M'mafupa a munthu wachialubino mulibe chosiyana ndi a munthu wina aliyense. Chosiyana ndi kuchepa kwa melanin pakhungu, m'tsitsi ndi m'maso, chimene chimachititsa kuti asaone bwino patali ndi kuti dzuwa limutenthe mpaka kuyambitsa khansa ya pakhungu, ndipo zofunika zake ndi chipewa chachikulu, zovala zamanja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa, magalasi ndi malo a kutsogolo m'kalasi. Kumene zimenezi zapezeka, ana amakula n'kugwira ntchito iliyonse, ndipo m'chaka cha 2021 Overstone Kondowe adasankhidwa kukhala phungu woyamba wachialubino ku Nyumba ya Malamulo ya Malawi.

Masamu a banja lotere ndi omwe aja a chisa cha mazira 6. Pathupi paliponse pa makolo awiri onyamula jiniyo pamakhala mwayi umodzi pa inayi, mosatengera ana amene adabadwa kale, kotero kuti banja lina limakhala ndi ana 6 popanda wachialubino, pamene lina limakhala ndi awiri otsatana, ndipo palibe mwa mabanja awiriwa limene lachimwa kapena ladalitsidwa kuposa linzake. Mayi wachialubino wokwatiwa ndi mwamuna wosanyamula jiniyo amabereka ana a khungu lakuda onse. Ndipo bambo amene wathawa mkazi wake chifukwa cha mwana wachialubino amapita ndi jini yomweyo ku banja latsopano, kumene theka la ana ake, mwa kuwerengera, adzainyamula mosaonekera, ndipo ngati mkazi wachiwiriyo ali wonyamula nayenso, mwayi uja wa umodzi pa inayi udzakhala ulipo pa pathupi paliponse.